Bakuli lomwe ndinasiya ku Fremantle

"Kodi asisi, mayi wa mazira uja akadalimo m'foni?"

Anandifunsa choncho anesi oyandikana nafe nyumba, Loweruka lina m'mawa tikuyanika zovala, iwo mbali yawo ya mpanda, ine mbali yanga. Ndi mayi wa ku Dedza, wamkulu kwa ine, amagwira ntchito kuchipatala ku Murdoch. Anati foni yawo yakale inagwera m'madzi, agula ina, ndiye akhala akufufuza gemu ija m'sitolo ya pafoni koma sakuipeza.

Ndinawauza kuti inachotsedwa.

"Iii, zoona? Ine ndinkaseka nayo pa buleki mpaka anzanga kumandifunsa kuti chavuta n'chiyani."

Ndinangoti eya, n'kutola malaya ena m'beseni. Mayi wa mazirayo ndinali ine. Mawu ake anali anga, ndipo za mazirazo ndine ndinaziganiza.

Zinayamba m'chaka chimene malire anatsekedwa chifukwa cha korona. Kuno ku Perth matendawo sanatipeze msanga ngati kwina, koma anatitsekera m'kati, wotuluka ayi, wolowa ayi. Ulendo wathu wokaonetsa mwana kwa agogo ake ku Kawale unafera pomwepo. Mwanayo, wamkazi, anali asanayambe n'kuyenda komwe. Bambo ake ankagwira ntchito ku Kewdale, m'zinyumba zosungiramo katundu, kuyendetsa kagalimoto konyamula mabokosi. Sukulu yawo ndi ya makompyuta, koma mapepala a kwathu kuno amangowayang'ana n'kukubwezera. Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni. Ntchito yanga inali yokolopa m'maofesi, ndipo anthu atayamba kugwirira ntchito kunyumba, yanga inatha, ndinangokhala pakhomo.

Tsiku lina bambo a mwana poweruka anabwera ndi mnzawo wa ku Zambia, munthu wamtali, wokulira ku Lusaka, wa dzanja labwino pojambula. Anakhalitsa m'galaja awiriwo. Potuluka anandiuza kuti apanga gemu ya pafoni, ya kabaza. Wosewerayo azikhala wopalasa njinga, kunyamula anthu kuchokera ku Kawale kupita kumsika, akuzemba maenje, mbuzi ndi maminibasi.

"Ndiye azungu kabaza akumudziwa?" ndinafunsa.

"Adzamudziwa," anatero bambo a mwana. "Ife nkhondo za m'mlengalenga tinazidziwira kuti? Si m'magemu awo omwewo?"

Bwana wawo ku Kewdale anawalola kuti Lachisanu asamapite kuntchito, bola zinthu zikadali chonchi. Mlamu wa ku Zambiayo, poti ndinkamuitana choncho, anali ataitanidwa kale kumigodi ya kumpoto, kumene anthu amapita pandege n'kukakhalako milungu. Anati ayamba wadikira kuti aone mmene gemuyo iyendere. Ikayenda, apanga ina, galaja yathu isanduka kampani. Ikapanda kuyenda, aliyense abwerera kumene anachokera. Tonse tinkazidziwa zimenezi, kungoti sitinkazitchulatchula.

Masiku a Lachisanu amenewo ndimawasowa mpaka pano. Chitseko cha galaja tinkachikweza theka kuti mphepo izilowa, chifukwa dzuwa la kuno likakwiya malata amatentha ngati chiwaya. Makompyuta awiri anali pa tebulo lomwe tinatola m'mbali mwa msewu, anthu atalitaya. Poyamba ntchito yanga inali tiyi basi. Kenako ndinayamba kuima kumbuyo kwawo, mwana ali kumsana, n'kumaona zolakwika.

"Mayi wa chitenje sakhala chotangadza panjinga. Amakhala chammbali."

"Thumba la makala silimangidwa choimika choncho, lingagwe pa bampu yoyamba."

"Kabaza wanuyu ndi wosauka bwanji, alibe khushoni? Muikirenitu khushoni ya mphonje, ndi kagalasi, ndi belu."

Mlamu ankagwira mutu. "Ba mulamu, imwe ndimwe ba inspekita manje?" Koma ankafufuta n'kujambulanso. Bambo a mwana anakulira m'banja lokhala ndi galimoto, kabaza ankangomuona pawindo. Ine ndinakwera kabaza zaka zonse zimene ndinkathandiza mayi anga kugulitsa mazira ndi mandasi. Ndinkadziwa mmene msana umamvera njinga ikalowa m'dzenje uli ndi thireyi pamiyendo.

Itafika nthawi yoika mawu, anapachika mabulangete atatu pakona ya galaja n'kundilowetsa m'katimo ndi maikolofoni. Munali mdima ndi fungo la sopo. Anati ndiyankhule ngati ndili panjinga.

"Pang'onopang'ono achimwene, ndili ndi mazira."

"Awe ba mulamu, mukamba monga muli mu tchalitchi. Kambani nafuti, mukalipe maningi. Ni mazira yanu yazoona aya!"

"Pang'onopang'ono achimwene, ndili ndi maziraaa!"

Ndinamva kuseka kunja kwa mabulangete, wina mpaka kumenya tebulo. Tinawonjezera ena: njinga ikagunda mwala ndinkakuwa kuti "Mayo ine, aswekatu!", ikafika bwino ndinkati "Mulungu akudalitseni, koma kuthamangako muchepetse." Bambo a mwana anakhala abusa ochedwa kutchalitchi. Mbuzi analira ndi mlamu, ndipo anailira bwino kuposa mbuzi yeniyeni. Adani athu anali akhwangwala a kuno, amene amalira mokoka ngati munthu wodandaula pamaliro. Ukangoti wayankhula bwino, khwangwala walowerera. Tinkabwereza mpaka pakhosi kuuma. M'mawu ena, ukamvetsetsa, munkamveka kupuma kwa mwana ali mtulo kumsana kwanga. Bambo a mwana anati tisachotse.

Mwanayo mawu ake oyamba a Chichewa olumikiza bwinobwino anali akuti "ndili ndi mazila." Anawanena kutchalitchi, pa nthawi ya pemphero.

Gemu itatsala pang'ono kutha, ndinaona bambo a mwana ayamba kuchepa mawu. M'mawa uliwonse akumwa tiyi ankatsegula tsamba lina la pa intaneti, la anthu olemba nkhani za magemu. Anandifotokozera kuti m'sitolo ya pafoni mumalowa magemu atsopano tsiku ndi tsiku, ambirimbiri ngati tomato wa m'nyengo yake. Yako ikalowa popanda wina woiloza chala, imakwiririka tsiku lomwelo. Oloza chalawo ndi olemba nkhani amenewa. Anati ife tikungofuna nkhani imodzi yokha.

Chizungu cholemba chimandivuta, koma zithunzi ndimaona. Tsiku lililonse pa tsambalo pankakhala nkhope zomwezomwezo, za magemu atatu kapena anayi a makampani akuluakulu. Ndinkawafunsa kuti lero alemba zotani.

"Alemba kuti gemu ya asilikali ija ikubwera."

Mawa lake?

"Alemba kuti ichedwa."

Mkuja?

"Alemba kuti msilikali wa m'gemumo amusintha chipewa."

Magemu a anthu ngati ife ankawaunjika pamodzi pansi penipeni, mwa apo ndi apo, aliyense mizere iwiri. Bambo a mwana anati ngakhale mizere iwiriyo ingatikwanire. Analemba makalata a pa imelo kwa olemba a kuno ndi a kunja, n'kuwatumizira gemuyo kwaulere kuti ayese. Ankayamba ndi moni waulemu, kufunsa za umoyo wawo ndi wa mabanja awo m'nyengo yovutayi, kenako n'kufika pa nkhani. Palibe anayankha. Mmodzi yekha, makina ake ndi amene anayankha kuti kalata yafika.

Kenako tinamva kuti mmodzi wa olemba pa tsamba lija amakhala konkuno, ndipo ali ndi kaofesi ku Fremantle komwe amagawana ndi anzake a ntchito zina. Apa m'pamene ine ndinalowererapo.

"Bambo a mwana, vuto lanu mukupempha munthu amene sanakuoneni nkhope. Kalata munthu amaiwala. Tiyeni tikamuone."

"Kuno sachita choncho, mayi."

"Kuno ndi anthunso. Ndipo sitipita chimanjamanja."

Anakana masiku awiri, lachitatu anavomera zopita, koma za chonyamulazo anangoti, "Inu mukudziwa." Anamulembera munthuyo kuti tidzadutsa Lachisanu, ndipo mwina chifukwa choti tinali a mumzinda womwewo, anayankha kuti tingabwere kwa mphindi zochepa.

Lachisanulo ndinakazinga mandasi monga ankakazingira mayi anga, ofewa m'kati, a shuga wapakatikati. Ndinawaika m'bakuli langa lalikulu la maluwa ofiira, limene mayi anandipatsa pa ukwati, lomwe ndinabwera nalo m'chikwama nditalikulunga ndi zitenje. Sindinkalitulutsa wamba. Mwana tinamusiya ndi anesi aja, anali pa ofu. Tinakwera sitima titavala mamasiki, bakuli lili pamiyendo panga likutenthabe. Sitima itayandikira, nyanja inaonekera pawindo, ndi zisitima za katundu zili ndii padoko. Mtima wanga unali m'malo. Ndinkaona ngati tikupita kukaona wachibale.

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ina, pokwera masitepe opapatiza. Pakhomo panali katebulo ka botolo la mankhwala opaka m'manja ndi pepala lolembapo mayina. Wolemba nkhaniyo anali mzungu wa msinkhu wa bambo a mwana, wa ndevu, waulemu ndithu. Anatipatsa mipando motalikirana monga mwa malamulo a nthawiyo. Bambo a mwana anamupatsa foni. Anasewera pang'ono, njinga inalowa m'dzenje, mawu anga anakuwa m'chipindamo. Anafunsa tanthauzo lake, atamuuza anaseka mpaka masiki kutsika pamphuno. Anandiloza, kufunsa ngati ndi ine. Ndinagwedeza mutu, manyazi ndi kunyada zitandigwira pamodzi.

Pamenepo ndinaimirira, ndinapinda maondo pang'ono, n'kumupatsa bakuli ndi manja awiri.

Anabweza manja ake kumbuyo ngati ndamupatsa moto. Ndinamva mawu oti ayi ndi oti zikomo, amenewo ndimawadziwa. Zinazo bambo a mwana anandimasulira chapansipansi: akuti ntchito yake simulola kulandira mphatso kwa anthu amene angalembe za iwo, anthu anganene kuti wagulidwa.

Ndinayang'ana kumbuyo kwake. Pashelefu panali chidole chachikulu cha msilikali uja wa chipewa, mabokosi okongola osatsegula, kapu, chikwama, ndi jekete lakuda lopachika pampando, zonse zili ndi zizindikiro zomwe ndinkaziona pa tsamba lija m'mawa uliwonse.

"Mufunseni kuti izozo anagula?" ndinatero.

"Mayi, chonde."

"Mufunseni mwaulemu."

Anamufunsa. Munthuyo anatembenuka, anaziyang'ana ngati akuziona koyamba, n'kukanda ndevu. Anati zimenezo si mphatso kwenikweni, makampani amangotumizira aliyense wolemba, ndi zogwirira ntchito. Kenako anayankhula nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti ankanena zoona zake. Anati anthu amatsegula nkhani za magemu amene akuwadziwa kale. Anati akulu ake ali kum'mawa kwa dziko lino ndi amene amasankha zolemba, ndipo amayang'ana kuchuluka kwa owerenga. Anati kampani yaikulu ukaikhumudwitsa imasiya kukutumizira gemu isanatuluke, ndiye anzako amalemba iwe uli manja lende. Koma anati gemu yathu yamusangalatsa, ayesetsa kuipezera malo.

Tinathokoza n'kutsanzika. Bambo a mwana anatsogola kutsika masitepe.

Tsono kwathu munthu ukamupatsa chinthu, amayamba wakana. Amati musavutike, amati tadya kale, amati mwatichititsa manyazi. Ndi ulemu umenewo. Iwe wopereka sunyamula chinthu chako n'kubwerera nacho, ungakhale ngati unkangoyesa. Umachisiya penapake poonekera, n'kumapita, kuti mwini wake achitenge popanda maso ako. Mayi anga ankatero, azakhali anga ankatero, ine ndinakula ndikutero. Choncho podutsa pakhomo ndinaika bakuli pa katebulo kaja, pambali pa botolo la mankhwala, n'kutsika mwakachetechete.

Bambo a mwana anazindikira tili m'sitima.

"Bakuli lili kuti?"

"Ndasiya."

"Mwasiya kuti?"

"Pakhomo paja. Adya akamamwa tiyi."

Nkhope yawo inali yobisika ndi masiki, ndinangoona maso. Anayang'ana kunja. Kenako anati, "Chabwino, mayi."

Patapita mlungu kalata inabwera. Bambo a mwana anandiwerengera Lachisanu m'galaja, mlamu ali pomwepo, akumasulira mzere ndi mzere. Munthuyo anati gemuyo anaisewera mpaka kumapeto, ndipo mayi wa mazira ndi amene anamukonda kwambiri. Anati mandasi anawapeza anzake a mu ofesi, anadya onse, iyenso analawa limodzi asanadziwe kuti achokera kuti, ndipo anali okoma. Koma anati anawauza akulu ake zimene zinachitika, poti ndi lamulo kunena, ndipo iwo ati popeza panadutsa mphatso kuchokera kwa eni gemu, tsamba lawo silingalembe za gemuyo. Anapepesa kawiri. Anati bakuli analitsuka, tingakatenge tsiku lililonse.

Ngakhale akhwangwala tsiku limenelo kunalibe.

Mlamu, amene tinali titamufotokozera za shelefu ija, ndi amene anayamba kuyankhula. "So chidoli chikulu chija ni nchito, koma vitumbuwa ni korapushoni?" Anaseka yekha, kuseka kosafika m'maso.

Ine ndinati, "Ndalakwitsa ndine."

Bambo a mwana anatseka kompyuta. "Akanapeza chifukwa china, mayi. Mlungu uno ikutuluka gemu ya asilikali ija. Malo akanachokera kuti?"

Mwina ankanena zoona, mwina ankangondipepesa. Mlungu umenewo tsamba lonse linadzazadi ndi msilikali uja, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panalinso kanema wa munthu wathu wa ndevu akusewera gemuyo, atavala jekete lakuda lija. Sindinamukwiyire. Ankaoneka wotopa. Koma mpaka lero sindidziwa ngati mizere iwiri ija tikanaipeza ndikanakhala kuti ndinatsika masitepe aja bakuli lili m'manja. Ndimaganiza zimenezi ndikamakazinga, mafuta akamayamba kulira.

Gemuyo tinaitulutsabe. Anthu a kutchalitchi kwathu anaiika m'mafoni, anesi anaifalitsa kwa anzawo, inazungulira m'magulu a pafoni a Amalawi ndi a ku Zambia. Kwa milungu ingapo ndikalowa m'tchalitchi azimayi ankanong'ona kuti, "Pang'onopang'ono, ali ndi mazira." Mkulu wa mpingo wina, munthu wosaseka wamba, anandiimitsa pakhomo n'kundiuza kuti wakanika kudutsa pamlatho katatu, ndimuuze chinsinsi. Kwathu ku Kawale achimwene anga anaisewera pa foni ya mnzawo, poti yawo inali yochepa mphamvu, ndipo anati mayi atamva mawu anga anatenga foniyo n'kuyamba kuiyankha.

Koma Amalawi a ku Perth tilipo angati? Onse atatha kuiika, panalibenso wina. Anthu amene sakutidziwa sanaidziwe. Bambo a mwana ankatsegula kompyuta kuona ngati pabwera wosewera watsopano, kenako anayamba kutsegula mwa apo ndi apo, kenako anasiya.

Malire atatsegulidwa, katundu anachuluka ku Kewdale ndipo bwana anaitanitsa Lachisanu lake. Mlamu anavomera ntchito ya kumigodi. Tsiku lotsanzikana anandisiyira chithunzi cha mayi wa mazira chojambula pamanja, atakhala chammbali monga ndinamuuzira. Poyamba ankaimba foni, kenako anasamukira mzinda wina ndi banja lake. Eni sitolo ya pafoni amafuna kuti gemu izikonzedwa nthawi ndi nthawi kuti izigwirizana ndi mafoni atsopano. Wokonza panalibe, ndiye tsiku lina anaichotsa.

Bakuli sitinakatenge. Ine manyazi, bambo a mwana nthawi. Pamene ndinalimba mtima n'kukwera sitima ndekha, patapita miyezi, ndinapeza pamwamba pa sitolo paja pali anthu ena, ometa tsitsi. Za bakuli sankadziwa.

Anesi aja anali akadaima pampanda, zopanira zovala zili m'manja.

"Ndiye palibe njira yoibwezera, asisi?"

Ndinati kompyuta ilipo, ili m'katoni pamwamba pa wadiropu, mwina tsiku lina. Anati ndiwauze ikadzabwerera, n'kulowa m'nyumba mwawo. Mwana wanga anatulukira pakhomo kudzandifunsa za chakudya, m'Chizungu chake cha kuno chotulukira m'mphuno. Ndinamuyankha m'Chichewa, anamva, n'kubwerera. Za mazira zija sakumbukanso.

M'galaja tsopano mumagona galimoto. Mabulangete atatu aja anabwerera pabedi.

Tinataya gemu imodzi, Lachisanu la mlungu uliwonse, mlamu mmodzi wodziwa kulira ngati mbuzi, ndi bakuli la mayi anga la maluwa ofiira, pamodzi ndi chivundikiro chake.